Ndowa Zotsata Dzuwa

Madzi anayamba kuchucha m'ndowa alamu ake a Mzime asanafike n'komwe pakhomo la khitchini. Anatsikira pasiketi yawo yakuda, kulowa m'nsapato, n'kusiya mzere wonyowa pasimenti kuchokera pampopi.

"Ii, koma ndowa za pakhomo pano! Iyi ndi yachitatu. Zonse zobowoka?"

Mzime anali pazenera akupukuta makapu a anthu odzapepesa. Anasuzumira panja. Pakona ya mpanda panali milu ya dothi lakuda, pamwamba pake patagona mitengo ya tomato mizu ili m'mwamba, titomato tatiwisi titamwazika ngati mkanda waduka.

"Anabowola dala bambo," anayankha chapansipansi. "Kuti madzi asamaime m'mizu."

"Nanga osanena? Ine ndimati ndithandize, alendo akusowa posambira m'manja."

Mzime anangopitiriza kupukuta kapu youma kale. Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Ndowa zachepa ndi zitatu. Msana wake unali utasangalala kale iye asanauloleze.

Bambo anali atangoikidwa kumene. Nyumba inali ikadanunkha mafuta awo opaka m'mawondo. Kuseri kwa nyumbayo kunalibe dothi ngakhale lodzaza chikhatho, simenti yokhayokha yozingidwa ndi mpanda wa njerwa, malo oti ukayanika nsalu ziwiri za pabedi ndiye wadzaza. Atapuma ntchito yawo yokonza ngolo zokankha za m'sitolo yaikulu, bambo anadzaza malowo ndi ndowa za penti ndi zigubu zodula pakamwa. Munali tomato, tsabola, biringanya, ndi nkhaka zokwera pandodo. Nyengo yotentha ikafika, kuseriko kunkabiriwira mpaka aneba kusuzumira.

Vuto linali dzuwa. M'mawa linkawala mbali ya kuchipata. Likapendeka, nyumba yosanja ya aneba inkalitchinga, n'kutsala kachigawo kowala pafupi ndi thanki ya madzi. Ndiye ndowa zinkayenda, m'mawa uku, masana uko, tsiku ndi tsiku.

"Tomato wa pamthunzi ndi masamba okhaokha," ankatero bambo.

Miyendo itayamba kuwakana, anakhazikika pampando wa pazenera la kuchipinda, ndodo ili m'manja. Go go go pagalasi, ndiye kuti dzuwa lasuntha. Mzime ankasiya chilichonse, n'kumanga nsalu m'chiuno, n'kuyamba kunyamula. Zikomo sankamumva. Ankangomva kuti, "Iyo waipendeketsa." Madzulo akamawasambitsa m'manja, zala zawo zinkanunkhabe oyilo, ndipo iye ankati ndi fungo la ntchito yakale lokana kuchoka.

Chaka chomwecho ndi chimene Mzime anapeza malo kusukulu ya unamwino, kumzinda wina. Anapempha kuti amusungire. Chaka chotsatira anapemphanso. Tsopano mayi wa kuofesi ya sukuluyo anali atamuuza pafoni, mwaulemu koma mosapsatira, kuti akapanda kuoneka sabata yamawa malowo apatsa wina.

Achimwene, chisamba cha m'nyumbamo, anatulukira pakhomo foni ili m'manja. Ataona milu ya dothi anagwira pamutu.

"Mayi a mwana, mwatani? Dimba la bambo limeneli!"

"Ndimadziwa ine kuti ndowa zake ndi zosefera?"

"Ili ndi thukuta la bambo. Ichi ndi chokhacho atisiyira chamoyo." Mawu awo ananjenjemera zenizeni. Anajambula nkhaka, kujambula tsabola, kenako anadzijambula okha atagwada pambali pa biringanya. Atatha anavula jekete. "Komanso zangoti mbwee chonchi. Bambo anali munthu wa dongosolo."

Anayamba kukoka ndowa imodziimodzi n'kuzindandalika kukhoma la nyumba, zazitali kumanzere, zazifupi kumanja, pamthunzi umene dzuwa silinkafikapo chaka chonse. Pa ndowa yachinayi anaima, dzanja lili pamsana.

"Hee! Muli miyala umu? Mdala uja anali ndi mphamvu ngati ng'ombe."

Chiyambire ubwana wake, Mzime mawu ankamuthera pakhosi pamaso pa achimwene. Anangoyang'ana iwo akuthirira ndi payipi dzuwa lili paliwombo, mpaka madzi amatope atayenderera kukafika pachipata.

Nkhani inatuluka patebulo madzulo, alendo atatha. Amayi anali kumapeto, akuzunguza kapu ya tiyi wozizira.

"Takambirana ndi alamu akowa," anayamba achimwene. "Nyumba ino sitigulitsa. Amayi kwathu sangakhale, masitepe aja ndi mawondo awowa n'zosayenderana. Ndiye iwe Mzime ukhala pano. Amayi akuzolowera, ndipo dimba la bambo ndiwe ukulidziwa."

"Sukulu ikutsegulira sabata yamawa, achimwene."

"Sukulu sithawa."

"Iyi ikuthawa. Andiuza kuti kano n'komaliza."

"Ndiye amayi atsale ndi ndani? Ndi makoswe?"

"Ine ndidzilera ndekha," anatero amayi, koma palibe anawatembenukira.

"Inu amayi, ndowa imodzi yokha ija mungaidzutse? Ine mwamuna wathunthu yandithyola msana." Achimwene anatembenukira kwa Mzime. "Ukufuna dimba liume maliro asanazizire? Anthu adzati chiyani?"

Alamu anaseka pang'ono, kuseka kofuna kuziziritsa nkhani. "Komatu alamu, unamwino mukuufunawo si womwewu? Mwasamala bambo, musamala amayi. Yunifomu yokha ndiyo ikusowa. Tidzakusokerani."

Mzime anayang'ana zikhatho zake, pamene mawaya a ndowa anasiya mizere iwiri yolimba ngati chikopa cha nsapato.

"Achimwene, tomato ameneyu munamudyapo liti?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Bambo ankasiya wamkulu pamtengo kuti mubwera. Ankawola pomwepo. Wotaya ndinali ine."

Achimwene anaika supuni pansi pang'onopang'ono.

"Mwana iwe, ndimagwira ntchito ine. Mankhwala a bambo ankagwa kumwamba? Usandiyankhule ngati mnzako." Anaimirira. "Nkhani yatha. Ukadzakula udzandithokoza."

Amayi anapitiriza kuzunguza kapu. Mzime anawayang'ana nthawi yaitali, kudikira liwu limodzi lokha.

M'mawa mwake achimwene ndi alamu anapakira. Asanakwere galimoto, alamu anazungulira kuseri ndi jumbo n'kuthyola chilichonse chofiira, ngakhale chongoyamba kumene kupsa. Nkhaka anazikoka mpaka mtengo kutsatira.

"Tikadye za m'manja mwa bambo," anatero achimwene akutseka buti. Anamusisita Mzime paphewa. "Uzithirira, wamva? Uzinditumizira zithunzi."

Galimoto itakhota, Mzime anabwerera kuseri n'kukhala pasitepe. Ndowa zinali pamzere wawo wokongola kukhoma, masamba atalefuka, dothi lili nyowe ngati phala. Kachigawo ka dzuwa kanali kutsidya, kakuwala pasimenti yopanda kanthu. Ziume, anaganiza. Ziwole zonse. Ndikhala pano monga anenera, koma ndowa sindigwiranso. Anapinda manja n'kuwabisa m'khwapa kuti asamupereke.

Dzuwa linakwera, n'kupendeka, n'kuyamba kukwawira kuthanki.

Go go go.

Anadzidzimuka ataimirira kale, dzanja likufufuza nsalu yomanga m'chiuno. Pazenera la kuchipinda, pampando wa bambo, panali amayi, chala chili pagalasi.

"Nanunso, amayi?" Liwu linatuluka lalikulu kuposa mmene analidziwira. "Nanunso mwayamba?"

Amayi anachoka pazenera, ndipo patapita kanthawi anatulukira pakhomo la khitchini, akutsika sitepe chammbali monga ankachitira chifukwa cha mawondo. Anadutsa ndowa zonse osaziyang'ana, n'kukaima pafupi ndi thanki. Kuseri kwake kunali mulu wophimbidwa ndi lona, wotsindiridwa ndi njerwa. Bambo ankati muli mankhwala a tizilombo, munthu asayandikeko.

"Chotsa njerwazo."

"Muli poizoni umo."

"Chotsa, iwe."

Mzime anachotsa njerwa n'kukoka lona. Panalibe mankhwala. Panali matabwa odula mofanana, osanjikizidwa bwinobwino. Thabwa lililonse linali ndi mawilo anayi kunsi, mawilo a ngolo za m'sitolo, ndi timitengo tokhomerera m'mbali kuti ndowa isaterereke. Ena anali aakulu, a ndowa za penti, ena aang'ono, a zigubu. Sanafunike kuwerenga kuti adziwe kuti ndowa iliyonse inali ndi lake. Pambali panali kampando kafupi ndi kabotolo ka oyilo kotsala pang'ono kutha, fungo lake lomwe lija la pazala za bambo.

Anatenga thabwa limodzi n'kulitembenuza. Anakhudza wilo ndi chala. Linazungulira, n'kumangozungulira.

"Anapanga liti?"

"Mwezi umene sukulu inakuyankha koyamba. Uli kumsika, uli kutchalitchi, iwo ali pano ndi hamala." Amayi anatsamira thanki. "Ankati mwanayu akapita, ine ndizingokankha ndi phazi."

"Ndiye?"

"Atamaliza anasanjikiza, n'kuphimba. Anati timuonetsa mawa."

"Mawa."

"Mawa lake ndi limeneli."

Mzime anakhala pansi pasimenti, thabwa lili pamiyendo. Anakumbukira nyengo ziwiri zotentha, thukuta likulowa m'maso, waya ukudya zikhatho, ndodo ikugogoda galasi. Nthawi yonseyo mawilo anali apa, kuseri kwa thanki imene ankaitsamira akamapuma.

"Inu munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Munkandisisita msana ndi manja anu omwewo, mukudziwa."

Amayi anayang'ana kumpanda. Milomo yawo inagwedezeka, koma chimene chinatuluka chinali china. "Ankati ukangoziona, upita."

"Ndikanapita kumene!"

"Eya. Sankanama."

Mzime anafuna kulira, koma misozi inali itathera kumanda, pa munthu amene ankaganiza kuti akumudziwa. Anafuna kuponya thabwalo pazenera lija. M'malo mwake anangolifinya mpaka m'mphepete mwake munamulowa m'chikhatho, pamzere womwe uja.

"Dzuka," anatero amayi. "Undikwezere ndowazi. Kamodzi kokha, basi."

Anadzuka. Sanamange nsalu m'chiuno. Anaika matabwa pansi, n'kuyamba kukweza ndowa imodziimodzi, madzi a achimwene akuchucha m'mabowo kunyowetsa mapazi ake. Iliyonse inakhala pathabwa lake ngati phazi m'nsapato. Matabwa atatu anatsala opanda kanthu. Anawabwezera kuseri kwa thanki osawaphimba.

"Achimwene adzati chiyani?"

"Achimwene akowo ndinawabereka ndine. Adzalandira zithunzi zawo." Amayi anachoka pathanki n'kuyandikira ndowa ya tomato, yaikulu kuposa zonse, imene inkamutsitsa Mzime misozi masana aliwonse. "Kalongedze. Chikwama chachikulu chili pamwamba pa kabati ya bambo ako."

Mzime anafika pasitepe, koma sanalowe. Anatembenuka.

Amayi anagwira khoma ndi dzanja limodzi, n'kuika nsonga ya patapata pathabwa, n'kukankha pang'ono. Ndowa inanyamuka. Inadutsa pasimenti yonyowa, masamba akugwedera, mpaka inakaima yokha pakati pa kachigawo ka dzuwa.

Zaka ziwiri pansi pa lona, mvula ndi fumbi, koma palibe wilo ndi limodzi lomwe limene linalira.