Diso Loyang'ana Cham'mbali

Chiombereni bampala pageti, galimoto ya aphunzitsi inayamba khalidwe lachilendo. Kutsogolo kwake kuli kachipangizo kotchedwa rada, kamene kamaona galimoto ya patsogolo n'kuchepetsa liwiro kokha. Koma tsopano inkangomanga mabuleki mwadzidzidzi, kutsogolo kwake kuli mbee. Mawa lake aphunzitsiwo ankayenera kutengera bambo awo kuchipatala chakutali. Bambowo anali atangochitidwa opaleshoni ya msana, ndipo dokotala ananenetsa kuti asagwedezeke.

Mlamu wawo, amene anawongola bampalayo, sanaone vuto. "Inu mlamu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe! Kachipangizoko ndinakamanga ndi waya bwinobwino. Ikachitanso mungokazimitsa kachinthuko."

Aphunzitsi mtima sunakhale m'malo. Anapita kugalaja ya makaniko wina amene anthu ankamutcha Mayi Chingwe, chifukwa sankagwira sipanala asanayeze ndi chingwe.

Mayiyo analibe phuma. Anaimika galimoto pasimenti ya thyathyathya, nayeza mpweya m'matayala onse, kenako anatsitsa mabokosi a makope a ana m'buti.

"Kumbuyo kukalemera, rada ija, diso la galimotoyi, imayang'ana kumwamba," anatero.

Analendewetsa kachitsulo pachingwe pakati penipeni pa galimoto, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulemba pansi ndi choko. Anakoka mzere wowongoka, ndipo pamzerepo anaimika chikwangwani chachitsulo choti rada izichiyang'ana, atayeza mtunda ndi tepi kawiri konse. Aphunzitsi, amene tsiku lililonse amakalipira ana olemba mizere yokhota, anangoti kukamwa yasa. Ntchito yaukhondo chotere anali asanaionepo.

Atalumikiza kompyuta, Mayi Chingwe anawaitana. "Taonani waya wa alamu anu. Diso lapendekeka pang'ono chabe, ngati chikhadabo. Koma patali limaona galimoto za mbali inayo ngati zili pamaso panu. Imene ili kutsogolo kwanu yeniyeniyo silikuiona."

Aphunzitsi anafunsa, "Nanga ndikangozimitsa?"

"Tsiku loti likupulumutseni lidzapezeka lili mtulo. Alamu anuwo kuwongola chitsulo amatha, sindikukana. Koma diso si bampala, mayi."

Anachotsa wayayo, naika chogwirira rada chatsopano. Ankapotokola sikuluwu pang'ono, n'kukaona pakompyuta, n'kubwereranso, mpaka manambala anagwirizana. Sanapereke makiyi asanaiyese yekha pamsewu.

M'mawa mwake, ali pakati pa ulendo, lole ya patsogolo inachepetsa liwiro pachitunda. Phazi la aphunzitsi lisanafike pabuleki, galimoto inayamba kufatsa yokha, mwaulemu, osadzidzimutsa munthu. Anasuzumira pagalasi. Bambo awo anali m'tulo, chipewa chili pamaso. Misozi inalengeza m'maso mwa aphunzitsi, ndipo mumtima anathokoza chingwe ndi choko zija.

Bambowo anadzuka pageti la chipatala. "Tafika kale? Mwanawe, lero lokha wayendetsa ngati munthu."

Phunziro: Galimoto yokhala ndi rada ikagundidwa kutsogolo, ngakhale pang'ono, kawongoletseni diso lake kwa wodziwa kuyeza. Bampala yowala siitanthauza kuti galimoto ikuona bwino.