Dzanja Lisanafe

Supuni inagwanso pansi, phala n'kumwazikira pabulangete. Lorraine anawerama kuti aitole, koma mwamuna wake Wendell anapukusa mutu.

"Isiye. Galu nayenso alaweko."

Mawu ake anali atayamba kulemera ngati a munthu woledzera. Kunja mvula ya m'chigawo cha Oregon inkangowaza monga mwa masiku onse. Wendell anakalambira pa ntchito yodula mitengo, koma tsopano matenda opha minyewa anali atamulanda miyendo ndi dzanja lamanzere. Madokotala anati chaka chino sachimaliza.

Pamwamba pa firiji panali kabokosi ka mankhwala. Madokotala awiri anamuyeza, namufunsa mobwerezabwereza, kenako anavomera kumulembera mankhwala oti akamwa agone osadzukanso. Koma lamulo la m'chigawochi linali ndi mfundo imodzi yosapindika: amwe yekha. Wina akangomumwetsa, ndi mlandu wakupha.

Curtis, mng'ono wa Wendell, anali pakona ndi kapu ya khofi.

"Achimwene, sabata yatha munkagwira bwino kuposa apa."

"Alamu," anatero Lorraine, "mwabwera kudzamwa khofi kapena kudzawerenga masupuni?"

"Musiye, akunena zoona," anatero Wendell. "Dzanja lamanzere linayambanso chonchi. Ndaganiza kuti Loweruka likubwerali ndimwe mankhwala aja."

Lorraine anaima ndi kansalu kopukutira m'manja.

"Loweruka? Renee akuchira mwezi wamawa! Mwana wako yemwe, mdzukulu wako woyamba. Ukufuna adzakudziwire pachithunzi?"

"Ukuyesa sindikufuna kumuona? Likanakhala lamulo lina, ndikanadikira. Koma dzanjali silikudziwa za mwezi wamawa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Wendell."

"Nkhono ilibe manja."

Curtis anaseka pang'ono, koma anasiya msanga ataona kuti akuseka yekha.

"Abusa anena kale kuti moyo si wako," anatero Lorraine. "Sunadzipatse wekha."

"Abusawo abwere adzagone pabedi pano, kenako andiuzenso. Unamuona Arne, mnzanga wa kuntchito uja, m'mene anathera. Makina akumupumira, maso okha akuyenda, ntchentche ikamutera kumangoiyang'ana."

Madzi ankagwa kuchokera padenga. Wendell anapuma kaye, chifukwa kulankhula kunkamutopetsa.

"Chabwino, ndikufunse chinthu chimodzi. Ndikadikira, dzanja n'kufa, mmero n'kuyamba kutseka, udzandigwirira kapu?"

Lorraine anapinda kansalu kaja, n'kukapindanso.

"Ndidzakusambitsa. Ndidzakutembenuza. Sindidzachoka pambali pako."

"Si zomwe ndafunsa."

"Ayi," anatero motsitsa. "Zimenezo sindingathe."

Wendell anatembenuzira maso kwa mng'ono wake. Curtis anayang'ana nsapato zake.

"Achimwene, musandiyang'ane choncho. Ndende pa msinkhu uno ine sindingaithe."

"Kale unkandilonda ngati mchira," anatero Wendell. "Lero ndiye wakula."

Kenako anayang'ana mitengo yakuda kuseri kwa zenera. Lorraine ankadikira kuti akalipe, monga ankachitira kale akamukaniza chinthu. Sanakalipe.

"Muimbire Renee," anatero pamapeto pake. "Umuuze kuti ndidikira."

"Mukudziwa zomwe mukunenazi?" anafunsa Curtis.

"Ndikudziwa kuposa iwe."

Lorraine anapita kukhitchini n'kuimba. Mwana wawo atamva, anakuwa ndi chimwemwe moti mawu ake anamveka mpaka pabalaza. Anayamba kusimba za dzina la mwana, ndi kachipewa komwe anagula kuti adzamuveke pobwera kwa agogo ake.

Kudzera pakhomo, Lorraine ankamuona mwamuna wake. Anali atatukula dzanja lamanja pang'ono, akulifumbata ndi kulifumbatula. Zala ziwiri zinakana kuwongoka.

"Amayi?" anatero Renee. "Mwangoti zii bwanji? Simunasangalale?"

"Ndasangalala, mwanawe," anayankha Lorraine, n'kukokera mpando pafupi, maso ali pa zala za mwamuna wake.