Manda Amene Sanali pa Chithunzi

Ndinalota ndili ku Japan, ine amene ulendo wanga wautali ndi wa ku Mchinji. Ndinapita kukatenga mwana wanga Zakeyu. Anapita kumeneko kukaphunzira zaka zinayi zapitazo, ndipo maliro a mayi ake anawaonera pa foni. Loweruka tinkafuna kumanga chiliza, koma alamu anga anati popanda mwana woyamba sathira simenti.

Ndinamupeza m'munsi mwa masitepe aatali a miyala, ali pa mzere ndi anthu ambirimbiri, ena a ndevu zawo. Aliyense anagwira chithunzi cha katuni, zidole zija za maso ngati mbale zimene Zakeyu ankaonera anzake ali kumunda. Munthu akafika kutsogolo ankakweza chithunzi chake, n'kumachisuntha pang'onopang'ono mpaka masitepe ojambulawo alingane ndi enieni. Akatero ankawerama. Ena ankalira.

"Anafera pano ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, bambo," anayankha Zakeyu. "Apa m'pamene anaima mtsikana wa m'katuni."

"Mtsikanayo kwawo n'kuti?"

"Alibe kwawo. Anachita kumujambula."

"Ndiye inu nonse mukulira maliro a pensulo?"

Masitepewo ndiwo anandiyankha, mwaulemu wa kalaliki wa boma. "Akulu, imani kumbali. Inu simuli pa chithunzi."

Sindinawakhulupirire. Ulemu wotere ndimaudziwa, umabwera munthu akafuna kukulanda kanthu. Ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona chimene chinkachitika. Chithunzi chikalingana ndi malo, chilichonse chimene wojambula sanaikemo chinkachoka. Njinga inali itatsamira pa mpanda, inachoka. Galu anali atagona pa sitepe yachitatu, anachoka, kutsala kukanda kwake kokha m'mwamba.

Ndinamugwira mkono Zakeyu. "Tiye kwathu, iwe. Mayi ako akudikira."

"Patsala malo amodzi, bambo. Abwino kuposa onse."

Anandidutsitsa pa njanji, sitima yopanda anthu itaima kutipatsa njira. Anatsegula chitseko cha sitolo yogulitsa maambulera, ndipo kuseri kwake kunali manda a kwathu ku Namitete, ndi mitengo yake ya masuku. Mzere wonse uja unalowa pambuyo pathu, osapempha kwa eni manda, osavula chipewa, akuponda agogo anga ndi nsapato zoyera.

Mkazi wanga Nangozo anali atakhala pa mtumbira wake, atatambalala, akusenda mtedza.

"Abambo a Zakeyu, mwabwera naye?"

"Ndabwera naye, ndi khamu lake lomwe."

Zakeyu sanagwade, sanapereke moni. Anatulutsa chithunzi m'thumba. Panali masuku omwewo, phiri lomwelo, mitambo yonenepa ngati nkhosa za mzungu. Manda panalibe. Pamalo pake anajambulapo maluwa achikasu.

"Malo ano ndi enieni," anauza anzakewo. "Koma chulu ichi chikuwononga."

Anakweza chithunzi, nayamba kusuntha. Mtanda wa matabwa unachoka. Kumiyendo kwa mtumbira kunayamba kumera maluwa aja, osanunkhira kanthu.

"Imani kutsogolo kwanga," anatero Nangozo, osasiya kusenda. "Dothi ili likatha, ndilibe kwina kogona."

Ndinaima. Anthu aja anang'ung'udza m'chinenero chawo, ndipo ndinkamva zonse: ankati mdalayo akuchedwetsa mzere.

"Bambo, sunthani pang'ono," anatero Zakeyu, nkhope itabisika kuseri kwa pepala.

"Sindisuntha. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti uphunzire kuona, iwe."

"Pang'ono pokha. Kumanzere."

Mapazi anga anachoka. Sizinapweteke. Ndinangoona maluwa pamene panali zala zanga, kenako pamene panali mawondo. Ndinaimabe, sindikudziwa ndi chiyani.

"Tsitsa pepalalo," ndinati. "Uone ndi maso amene anakubala nawo mayi ako."

Anatsitsa mpaka pa mphuno. Anandiyang'ana ine, kenako anasuzumira kumbuyo kwanga, kwa nthawi yaitali. Nangozo anasiya mtedza, nakonza duku lake kuti mwana amuone bwino.

"Bambo," anatero Zakeyu mwaulemu, "amayiwa ndi a m'katuni iti?"

Ndinadzuka dzanja lili m'mwamba, mbama isanafike. Sindinasambe n'komwe. Ndinapita kwa alamu anga kukawauza kuti Loweruka athire simenti, ndipo aithire yokhuthala, asadikire munthu.