Mmene Kefasi Anachotsedwera pa Kampani Yake

Kefasi Mbewe atamaliza dipuloma ya zaulimi ku Lilongwe, anabwerera ku Kamwendo kukakhala kwa mlongo wake Rozi, amene ankagula ndi kugulitsa mtedza pakhonde la sitolo yake m'mbali mwa msewu. Ntchito anaifuna mpaka nsapato zinatha zidendene. Pa Fesibuku ndi pa Linkidini ankalemba m'mawa uliwonse kuti akufuna ntchito ina iliyonse, koma omuyankha anali anzake a kusukulu okhaokha, nawonso ongokhala. Yankho lawo linali limodzi: "Mulungu alipo, amwene."

Amene anamusokoneza mutu ndi a Maxwell, mphunzitsi wochokera ku Zomba, amene ankakonda kudzatchaja foni pasitolopo.

"Vuto lako ukulira," anatero a Maxwell. "Pa intaneti bwana sacheza ndi munthu wolira. Bwana amacheza ndi bwana mnzake. Dzikweze kaye akulandire, ntchitoyo udzaipemphe muli mkati moseka."

Kefasi anabwereka jekete ya a Maxwell, n'kukajambulitsa atatsamira galimoto ya munthu wina imene inaima pamsika. Pansi pa chithunzicho analemba kuti ndi dayirekitala wa Mbewe Agro Link, kampani yogula mbewu mbali zonse ziwiri za malire, ofesi yake moyang'anizana ndi siteji ya kabaza, pamene panali sitolo ya Rozi.

Sipanapite nthawi, anamulembera mayi wina dzina lake Dailesi Tembo. Tsamba lake linkati ndi mkulu wolemba anthu ntchito pakampani ya mathiraki. Anacheza mwaulemu kwambiri, aliyense kuyamikira masomphenya a mnzake, mpaka anagwirizana zokumana m'tiyirumu ya pa Kamwendo tsiku la msika.

Dailesi anafika wapansi, nsapato zazitali zili mbuu ndi fumbi. Anati dalaivala wake wamusiya patali chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Asanakhale n'komwe, anapempha kuti ajambulitse akugwirana chanza.

"Bizinesi ikuyenda bwanji, bwana?" anafunsa Dailesi tiyi atabwera.

"Tikuyesetsa, madamu. Mbewu zilipo, chotivuta ndi mathiraki."

"Ife mathiraki ali mbwee, chotivuta ndi mbewu."

Onse anaseka mokweza. Aliyense anali ndi envulopu pamiyendo, ndipo aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Tiyi anazizira. Pomaliza Kefasi anaika envulopu yake patebulo.

"Madamu, kunena zoona, ngati kuofesi kwanuko kungapezeke kampata, ngakhale kosesa, CV yanga ndi iyi."

Dailesi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa yake, n'kuisanjika pamwamba.

"Ine ndabwera pa kabaza kuchokera ku Guilleme," anatero. "Ndinaphunzira zowerengera ndalama, koma ndimalima ndi amayi. Thiraki sindinakwerepo."

"Anakulangizani ndani zimenezi?"

"Aphunzitsi ena ake a ku Zomba."

Anaseka mpaka misozi, mwini tiyirumu akungowayang'ana. Chimene Dailesi anaiwala kunena n'chakuti chithunzi chogwirana chanza chija anali atachiponya kale pa intaneti, ndi mawu akuti makampani awiri agwirizana ku Kamwendo. Chithunzicho chinayenda m'magulu a pa Watsapu, ndipo panjira munthu wina anawonjezerapo kuti akulemba anthu.

M'mawa mwake Kefasi potuluka anapeza mzere wa anthu kuchokera pakhonde la sitolo mpaka pasiteji. Ena anachokera kwa Zulu, ena kuboma, onse atanyamula maenvulopu. Mmodzi anali wa ku Chipata, kutsidya kwa malire, ndipo anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Bwanji, abwana? Nabwela pa nkhani ya nchito."

Kefasi anakwera pathumba la mtedza.

"Abale anga, pepani! Kampani kulibe! Inenso ndikufuna ntchito ngati inu nomwe!"

Anthu anayang'anana. Ndiye bambo wina wamtali wovala chikhoti, dzina lake Felix, amene kale anali mlonda, anatembenukira anzakewo.

"Musatekeseke, akutiyesa. Mabwana amatero kuti aone wopirira."

Aliyense anagwedeza mutu, ndipo palibe anachoka. Felix anatola ndodo n'kuyamba kuwongola mzere.

Rozi anatuluka m'sitolo akumanga chitenje. "Iwe Kefasi, kwagwa maliro?"

"Asisi, akuti akufuna ntchito kukampani yanga."

"Kampani yako! Sopo amene umasambira ndimagula ndine." Anatembenukira anthu aja. "Amene akufuna kuima pakhonde langa asankhe mtedza uwu, wowola pawokha, wabwino pawokha. Ndilipira ngati ganyu."

Anthu anati intavyu ndi imeneyo. Anavula majekete, n'kukhala pansi kusankha mtedza mosamala ngati akusankha miyala ya mtengo wapatali. Pofika masana aliyense anali atadzipatsa udindo n'kuulemba patsamba lake. Felix anali mkulu wa zachitetezo. Wa ku Chipata uja anali woona za misika ya kunja. Dailesi anabwera kudzapepesa, koma ataona chipwirikiti chimene chinali pasikelo, anangopempha mpando n'kukhala pomwepo.

Kefasi anaganiza zothetsa nkhaniyo kumene inayambira. Analemba pa intaneti momveka bwino kuti iye si dayirekitala, jekete ndi yobwereka, galimoto sakumudziwa mwini wake, ndipo amagona kuseri kwa sitolo ya mlongo wake. Anthu anazikonda kwambiri. "Bwana wodzichepetsa," analemba wina. "Atsogoleri otere ndi amene tikuwasowa," analemba winanso. Alimi amene kale ankapitirira pa Rozi anayamba kubwera ndi ngolo zodzaza, ati akufuna kugulitsa kukampani. Rozi anasiya kudandaula.

Kefasi yekha ndi amene sanasiye. Aliyense womutchula kuti bwana ankamukhazika pansi n'kumulongosolera. Tsiku lina anatero kwa bambo wina amene anabwera ndi lole kuchokera ku Lilongwe kudzagula mtedza wonse, ndipo bamboyo anakwera lole yake n'kuliza injini. Dailesi ndi amene anachita kumubweza, atathamanga wopanda nsapato.

Madzulo ake Felix anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo.

"Ndilankhula mosapsatira," anatero. "A dayirekitala akuipitsa dzina la kampani. Ife tikutuluka thukuta, iwo akuuza makasitomala kuti kulibe. Amene akuti apume, manja m'mwamba."

Manja onse anakwera. La Rozi linakwera pang'onopang'ono, koma linakwera.

"Asisi, inunso?"

"Iwe, mtedza ukuyenda. Ukufuna ndizitani?"

Udindo anaupereka kwa Dailesi, amene anaulandira akuyang'ana pansi. Felix anaperekeza Kefasi mwaulemu mpaka pamsewu, n'kumugwira chanza. Kefasi anaima pamenepo kanthawi, kenako anazungulira njira ya kuseri n'kukalowa m'chipinda chake. Chinamudabwitsa n'chakuti zinamupweteka. Anakhala pabedi ngati munthu wochotsedwadi ntchito.

Patsamba lake anangowonjezera mawu amodzi, kuti dayirekitala wakale. Mawu amenewo ndi amene anachititsa kuti kopaletivu ina ya alimi kuboma imuitane ku intavyu. Ankafuna kalaliki woyang'anira pogulira soya.

"Munachokeranji kukampani yanu?" anafunsa wapampando, bambo wachikulire wa magalasi.

"Antchito anandichotsa, bwana."

Wapampando anapukusa mutu mwachisoni. "Antchito a masiku ano. Ifenso tikuwadziwa."

"Komanso kampaniyo kulibe, bwana."

Wapampando anavula magalasi. Anatenga foni, n'kuimba nambala imene inali patsamba limene antchito aja anatsegulira kampaniyo, n'kuikweza mawu kuti onse amve.

"Mbewe Agro Link, zachitetezo, tikuthandizeni?" anayankha Felix. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la matumba akuponyedwa m'lole. Anapereka foni kwa Dailesi.

"A Mbewe ndi munthu wabwino," anatero Dailesi. "Sanabepo ngakhale kamtedza kamodzi, ndipo sikelo saibera. Kungoti amakonda kunena kuti kampani kulibe. Muziwamvetsa."

A kopaletivu anauza Kefasi kuti ayambe Lolemba. Akutuluka, wapampando anamutsatira mpaka pakhonde, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"A Mbewe, ndili ndi mphwanga, anamaliza sukulu chaka chatha, akungokhala. Inu poti anthu aja mukuwadziwa, simungamulankhulireko?"

Kefasi anafuna kunenanso kuti kampani kulibe, koma analeka. Anatulutsa foni n'kuwapatsa nambala ya Dailesi.