Dzenje la mu Penshoni ya Apongozi

Mwezi umene manachesi anatha, ndalama za penshoni za mayi Malita zinafika pakhomo zoperewera.

Mayi Malita anaphunzitsa ana a sitandade wani kwa Nthache mpaka mawondo anawakana. Chipumireni pa ntchito, ulendo wa ku banki unali wa mkamwini wawo, Fabiao, mwamuna wa mwana wawo Esime. Mwezi ukatha, iye ankatenga khadi, kupalasa njinga mpaka ku boma, kutapa ndalama pa makina, n'kubwerera. Koma kupereka ndalamazo m'manja mwa apongozi, ayi ndithu. Ankapatsa Esime, Esime n'kukapereka kwa mayi ake, iye atanyonyomala poteropo pafupi ndi khola la mbuzi. Anthu awiriwa ankalemekezana kwambiri moti ngakhale moni weniweniyu ankadzera mwa Esime.

Tsiku limene zinafika zoperewerazo, mayi Malita anawerenga ndalamazo, anawerenganso, kenako anangozimanga pansonga ya chitenje osanena kanthu. Mwatsoka, pakhonde panali Masauko, mchimwene wake wa Esime, amene anabwera kuchokera ku Blantyre kudzaona mayi ake. Masauko ndi munthu wabwino mtima, koma pakamwa pake palibe buleki.

"Amayi, zaperewera eti?" anafunsa. "Makina saba ndalama. Amene amayenda ndi khadi ndi amene akudziwa kumene zapita."

"Masauko, tsitsa mawu," anatero mayi ake.

"Nditsitsirenji? Loweruka ndiitana ankhoswe. Alamu adzafotokoze bwinobwino pamaso pa anthu."

Fabiao anamva zonse. Anadzuka pang'onopang'ono, kutola khasu, n'kulowera kumunda wa manachesi.

Esime anatsala ataima pabwalo, mtima ukuwawa. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti naye anali ndi mafunso ake amene ankawabisa. Chaka chimenecho mitengo inabereka mpaka nthambi kuthyoka. Fabiao ankapita ndi madengu odzaza kumsewu wa ku malire, kumene madalaivala a mathiraki amagula osanenerera. Komabe ndalama zofika pakhomo zinali zochepa. Malata a khitchini amene analonjeza sanagule. Ngakhale mbuzi imodzi anaigulitsa mwakachetechete. Esime anali atayamba kuganiza kuti mwina ku malireko kuli wina amene akudya thukuta la mwamuna wake, ndipo maganizo amenewo ankamuchititsa manyazi.

Atamutsatira Fabiao kumundako, anamupeza atakhala pansi pa mtengo, khasu lili pambali, osalima n'komwe.

"Bambo a Tiffany," anatero Esime, "ine ndine mkazi wanu. Ndiuzeni zoona, ngakhale zikhale zowawa. Ndalama za amayi mwatenga?"

Fabiao anapukusa mutu. "Sindinatengepo ngakhale tambala."

"Nanga zapita kuti? Nanga za manachesi zija? Nanga mbuzi?"

Fabiao anayankha motsitsa. "Ndalama za amayi zinayamba kuperewera kalekale, manachesi asanapse n'komwe. Ndikafika pa makina, ndimapeza balansi yochepa. Poyamba ndinkati mwina makina alakwitsa. Mwezi wotsatira, chimodzimodzi. Ndiye ndinkangoonjezera zanga kuti zikwane. Manachesi anathera momwemo, mbuzi momwemo. Mwezi uno ndinalibenso choonjezera."

Esime anagwira pakamwa. "Miyezi yonseyi! Osandiuza ine bwanji?"

"Mayi a Tiffany, ine ndine mkamwini. Makolo anga anawoloka malire ndi mitolo pamutu, kuthawa nkhondo. Amene anandigwira dzanja n'kundiphunzitsa kulemba dzina langa, ndili kamwana kosadziwa Chichewa, ndi amayi anuwa. Anandipatsa mwana wawo, anandipatsa munda, anandipatsa khadi yawo. Ndiye ndibwere ndidzati ndalama zasowa m'makina? Akanandikhulupirira ndani?"

Esime analira, ndipo ali mkati molira anamukalipiranso. "Inu ndinu munthu wabwino, koma apa munapusa. Mwakhala mukuthira madzi mu ndowa yobooka. Dzukani, tipite kwa a Dyna."

Dyna ndi mnansi wawo. Amagwira ntchito mu ofesi yothandiza amalonda kuwolotsa katundu pa malire, choncho za mabanki sizimuopsa. Anawamvetsera mpaka kumapeto osawadula mawu.

"Achimwene," anatero kwa Fabiao, "zimenezi zinandichitikirapo inenso. Nthawi zina kampani imauza banki kuti izidula ndalama mu akaunti ya munthu mwezi ndi mwezi. Ngati mwiniwake anavomereza, palibe vuto. Koma ngati sanavomereze, kumeneko n'kulakwa, ndipo ali ndi ufulu wokana."

"Ndiye tingadziwe bwanji amene akudula?" anafunsa Esime.

"Mukapemphe sitetimenti. Ndi pepala loonetsa ndalama zonse zolowa ndi zotuluka, ndi dzina la amene watenga. Koma apite eni ake akaunti, atatenga chiphaso chawo cha unzika. Inu a Fabiao, ngakhale mutagwada, sangakupatseni."

"Nanga akatikaniza?" anafunsa Fabiao. "Anthu a mataye aja amaopsa."

Dyna anaseka. "Taye si mkango. Ndalama ndi zanu, iwo amangosunga. Mukaona chodulidwa chimene amayi sakuchidziwa, munene zinthu zitatu: achiimitse, akuonetseni pamene amayi anavomereza, ndipo ngati palibe, abweze zonse. Dandaulo lanu lilembedwe, ndipo musachoke opanda kope yake. Akapanda kukuthandizani, mukhoza kukadandaula ku Banki Yaikulu ya dziko lino, imene imayang'anira mabanki onse."

Esime anakafotokozera mayi ake ndi Masauko za sitetimenti, koma za kuonjezera kuja sananene, chifukwa Fabiao anamupempha kuti asanene. Masauko anavomera monyinyirika kuti za ankhoswe zidikire kaye.

M'mawa mwake anawakweza mayi Malita pa kabaza wa njinga yamoto, atawapindira nsalu pampando chifukwa cha mabampu. Esime ndi Masauko anakwera ina. Fabiao anali atanyamuka kale pa njinga yake yakapalasa, ndipo anakawadikira pakhomo la banki, kutsogolo kwa malaya kutanyowa ndi thukuta.

Anawalandira bambo wina wa pa desiki yothandiza makasitomala, dzina lake Vincent. Anawapatsa mpando mayi Malita, kuona chiphaso chawo, n'kusindikiza sitetimenti. Kenako anayendetsa cholembera pa pepalalo. Mwezi uliwonse, tsiku lomwelo limene penshoni yalowa, panali mzere wina wotulutsa ndalama, ndipo dzina linali limodzimodzi.

"Amayi, iyi ndi kampani ya inshuwalansi ya maliro," anatero Vincent. "Munalowa nawo?"

"Ine? Ndinalowa liti?" Mayi Malita anavala magalasi, kuyang'anitsitsa dzinalo. Kenako anakumbukira. "Dikirani. Nthawi ya dzinja kunabwera atsikana pamsika, atamanga tenti. Ankagawa zitenje kwa opuma pa ntchito. Anati tilembetse mayina ndi nambala ya akaunti kuti tikawina mphoto adzatitumizire. Za kudula ndalama sanatchule ayi."

"Munasaina pepala lililonse lovomereza kuti azidula?"

"Ine ndine mphunzitsi, bambo. Chinthu chotero ndikanachikumbukira."

Vincent anawathandiza kulemba dandaulo, kulidinda, n'kuwapatsa kope yokhala ndi nambala yake. Anati kudulako akuimitsa, ndipo kampaniyo aifunsa kuti ionetse chilolezo. Anafunsanso chifukwa chake amayi sankaona mauthenga a pa foni ndalama zikatuluka. Apa m'pamene zinadziwika kuti nambala imene inali ku banki inali ya foni yakale, imene inagwera m'chitsime zaka zapitazo. Vincent analemba yatsopano. Anawakumbutsanso mwaulemu kuti nambala yachinsinsi ya khadi ndi ya mwini akaunti, ndipo ngati kuyenda kukuwavuta, banki ili ndi njira zovomerezeka zoti wachibale aziwathandiza.

Nthawi yonseyi Masauko anali atagwira sitetimenti ija, akuiwerenga chamumtima. Mwadzidzidzi anakwinya nkhope.

"Koma pali chimene sindikumvetsa. Apa akudula kuyambira kalekale. Amayi, kwa inu zafika zoperewera mwezi uno wokha. Miyezi ina yonseyi zinkakwana bwanji?"

Fabiao anayang'ana pansi ngati mwana amene wagwidwa akunyambita shuga. Esime anaona kuti sangathenso kusunga chinsinsicho.

"Ankaonjezera ndi alamu anuwa," anatero Esime. "Manachesi onse aja, ndi mbuzi yomwe. Ankaopa kuti munena zimene munanena dzulo zija."

Masauko anapinda sitetimenti ija, onse n'kutuluka. Ali panja, anavula chipewa, n'kugwira dzanja la mlamu wake ndi manja awiri. "Alamu, ndinakulakwirani kwambiri. Mundikhululukire." Mayi Malita anangovula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi.

Ndalama sizinabwere mawa lake. Panapita milungu, foni ili zii. Fabiao anayamba kunena kuti bola asiya kudula, zinazo zipite. Esime anakana. Anatenga kope ya dandaulo ija, kuperekeza mayi ake ku banki kachiwiri, n'kufunsa pamene nkhani yafika. A ku banki anawauza kuti kampani ija yalephera kuonetsa chilolezo, ndipo yauzidwa kuti ibweze. Sipanapite nthawi yaitali, masana ena foni ya mayi Malita inalira ali pamphasa akusenda nandolo. Ndalama zonse zinali zitabwerera.

Tsiku limene anakazitapa, Esime anazipereka kwa mayi ake monga mwa masiku onse, ndipo Fabiao ananyonyomala pamalo pake paja pafupi ndi khola. Mayi Malita sanaziwerenge. Anakweza mutu, n'kuitana ndi mawu aja a m'kalasi amene mudzi wonse umawadziwa.

"Fabiao! Bwera kuno."

Fabiao anayang'ana kwa Esime kuti amuthandize, koma Esime anangoyang'ana kumbali akumwetulira. Fabiao anayandikira, n'kugwada chapatali.

"Sendera. Lero sindikuyankhula ndi mkamwini, ndikuyankhula ndi mwana wanga wa sitandade wani." Anamugwira dzanja lamanja, lomwe lija anaphunzitsa kugwira choko, n'kuikamo ndalamazo. "Izi ndi manachesi ako ndi mbuzi yako. Ukagule malata."

"Amayi, sindingalandire..."

"Khala chete, ndikuyankhula. Tsiku lija zitaperewera, ukudziwa chimene ndinaganiza? Sindinati waba. Ndinati mwana wangayu chamugwera china chake, ndipo akuchita manyazi kunena. Ndinakhala chete kuti ndikubise. Iwenso unakhala chete kuti undisunge. Ife tikubisana chonchi, ena ankangodya. Ndinakuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, koma ndikuona kuti kufunsa ndinakuphunzitsa moperewera."

Misozi inatsika m'masaya mwa Fabiao, ndipo sanaipukute. "Obrigado, amayi," anatero, chinenero cha makolo ake chitamutulukira chokha. "Zikomo kwambiri."

Abale, dzenje la mu akaunti silitsekeka ndi ndalama za m'thumba mwanu, ndipo silitsekeka ndi manyazi. Ndalama zikayamba kuperewera, musathamangire kuloza chala wachibale, komanso musakhale chete. Mwini akaunti apite ku banki ndi chiphaso chake, akapemphe sitetimenti. Chodulidwa chilichonse chimene simunavomereze, nenani kuti chiimitsidwe ndipo ndalama zibwezedwe. Sungani kope ya dandaulo lanu, ndipo muzibwerera kukafunsa mpaka nkhani ithe. Ngati banki sikukuthandizani, kadandauleni ku Banki Yaikulu. Onetsetsani kuti nambala ya foni imene ili ku banki ndi imene muli nayo, ndipo musapereke nambala ya akaunti yanu kwa aliyense chifukwa cha chitenje kapena mphoto.

Kwa mayi Malita khitchini inafoleredwa mvula isanagwe. Fabiao amanyonyomalabe patali akafika pakhomo pa apongozi ake, poti ulemu sautaya. Koma masiku ano moni amapereka yekha, ndipo amayi amamuyankha ndi dzina lake.