Ufa wa Kuseri kwa Nkhokwe

Hellen anapeza amalume ake, a Oscar, ataimirira kuseri kwa nkhokwe, chibonga chili m'manja, maso ali pansi. Tsikuli Hellen anali atachedwa kudzuka.

Pa dothi losesedwa bwino panali chojambula cha ufa woyera: zithunzi za ngodya zitatuzitatu zolowana, zozingidwa ndi mzere wozungulira, kunja kwake mpanda wa mbali zinayi wokhala ndi zipata. Pakatikati panali kadontho kamodzi.

Chiikireni maliro a mayi ake, a Fagness, Hellen ankalawirira kudzafufuta chojambulachi ndi phazi anthu asanadzuke. Mwini wake ankamudziwa. Malemuwo adagwirapo ntchito zaka zambiri kubanja lina la amwenye ku Limbe, ndipo adabwerera ku Mtakataka ndi mwambowu, womwe ankachitira kuchipinda atatseka chitseko. Tsopano m'nyumba munadzaza amayi ogona pamaliro, choncho bambo ake a Hellen, a Justin, ankajambulira panja m'malo mwa mkazi wawo. Nkhalamba yosamva ija! Anawadandaulira kawiri konse, koma zinangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

"Bwerani mudzaone!" anakuwa a Oscar. "Mumafunsa kuti mlongo wanga wafa bwanji osadwala. Yankho lake ndi ili!"

Anthu anakhamukira kunkhokweko. Amayi ena anagwira pakamwa, ndipo amuna awiri anali atatola kale miyala. Palibe anafunsa kuti wajambula ndani, maso onse anangotembenukira kwa a Justin, amene ankabwera pang'onopang'ono manja ali m'matumba a jekete. Paja mkamwini ndi mlendo, ngakhale amerere imvi pamudzipo.

"Alamu, tulutsani manjawo tione," anatero a Oscar.

Hellen anachita mantha aakulu, chifukwa ankadziwa kuti zala za bambo akewo zinali mbuu ndi ufa.

"Ndajambula ndine, amalume."

"Iwe? Usandipusitse, mwanawe. Ukufuna kubisa bambo ako."

"Ndipatseni ufa muone."

Wina anabweretsa lichero. Hellen anagwada. Adajambula komaliza ali kamtsikana, mayi ake atamugwira pamkono, ndipo akanalakwitsa mzere umodzi wokha miyala ija ikanagwera bambo ake. Anatsina ufa n'kuika kadontho.

"Amayi ankati apa ndi pokhala Mulungu, zonse zimayambira pomwepa," anatero. Anakoka mizere itatu, kenako ina itatu. "Choloza kumwambachi ndi mwamuna, choloza pansichi ndi mkazi. Zikalowana ndiye moyo. Zipatazi ndi zolowera munthu wopemphera. Amwenye aja amayang'ana apa popemphera, monga ife timagwirira kolona."

Mizere inatuluka yokhotakhota, koma inakumana pomwe imayenera kukumana. Zojambula ziwirizo zinagona moyandikana, ndipo aliyense anaona kuti ndi chinthu chimodzi.

A Oscar anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo nthawi yaitali. Kutchula mkamwini kuti mfiti n'kosavuta. Koma uyu anali wa mbumba yawo, ndipo kumutchula choncho kunali kutukwana mimba yomwe iwonso adatulukamo. Chibonga chinatsika.

"Zachikunja basi," anang'ung'udza. "Tidzakambirana tsiku lometa."

Miyala inagwa pansi umodziumodzi, anthu n'kumabalalika, ena akucheukabe. Hellen anatsala ali chogwada. Misozi yomwe inamuvuta kumanda inatuluka tsopano, ya mantha ndi ya mkwiyo pamodzi.

"Bambo, mukadafa lero! Mukadafera ufa!"

A Justin anagwada pambali pake, maondo akulira. Anatulutsa dzanja m'thumba, natapa ufa m'lichero.

"Waiwala chimodzi, mwanangu."

Anawaza ufawo kunja kwa mpanda wa chojambula, patali ndi chipata chilichonse.

"Amako ankati ufawu ndi chakudya cha nyerere. Koma zina ndi zamantha, sizilowa pachipata. Nazonso zizidya."