Odwala a Kutsidya kwa Njanji

Chaka chathunthu chitsegulireni chipinda cha achinyamata pachipatalapo, amayi anamwino oyang'anira chipindacho anali asanalandirepo mwana ndi mmodzi yemwe wa m'dera lawo. Obwera onse anali a kutsidya kwa njanji, okwera minibasi ziwiri, olankhula chonong'ona.

"Athu kuno ngoleredwa bwino," ankadzitama pa nthawi ya tiyi. "Koma akutsidyawo, mayo ine!"

Chitseko cha chipindacho chinayang'anizana ndi benchi ya odwala shuga, pomwe azimayi a dera lonse ankakhala m'mawa wonse, maso ali mwaa. Anamwino sankaonapo vuto.

Lachitatu lina anatumidwa kukagwirizira pachipatala cha kutsidyako, mnzawo wa kumeneko atadwala. Atasuzumira pamzere, anaona mwana wa atelala. Kumbuyo kwake kunali mapasa a aneba, kenaka mtsikana wotsogolera kwaya kutchalitchi kwawo. Kumapeto, atabisa nkhope m'buku la masamu, kunali mwana wawo wachisamba, yemwe m'mawawo anatsanzika kuti akupita kulaibulale.

Ana aja atawazindikira anabalalika ngati anapiye aona kabawi. Wawoyo yekha ndiye anatsala pamzere.

"Lowa," anatero anamwino. Anatseka chitseko. "Nena msanga. Ndi ya ndani?"

"Chiyani, amayi? Ine ndi msambotu. Umandipweteka mpaka kusanza. Mwezi wachinayi uno."

Anamwino anakhala pansi.

"Basi? Nanga osandiuza kunyumba bwanji?"

"Ndinakuuzani. Munati ndikuthawa kuchapa."

"Osabwera kuntchito kwanga?"

"Pabenchi paja pamakhala azakhali. Mnzanga anangolowa kukafunsa za ziphuphu, pofika madzulo anthu anali atamupatsa kale mimba ya miyezi itatu. Akunonso amathawira kwanu chifukwa chomwecho."

Anamwino anamuyeza mosamala, namupatsa mankhwala. Pobwerera anakhala mpando umodzi m'minibasi, ndipo mayiyo anafunsa chapansipansi ngati ululu wachepako.

M'mawa mwake anakapempha akulu a chipatala kuti chipindacho achiboolere khomo lakumbuyo. Akuluwo anagwedeza mutu, nati maganizo ngabwino zedi, komiti ikambirana.

Patatha miyezi iwiri komiti inayankha. Kunabwera kalipentala ndi chikwangwani chachikulu, nachikhoma pamwamba pa chitseko chomwe chija: ACHINYAMATA LOWANI MOMASUKA, ZANU ZONSE N'ZACHINSINSI. Azakhali aja a mwana wa anamwino ndiwo anamugwirira makwerero.